Chisanu cha ku Kopala ndi Chakudya Chosathamangira

Anthu ambiri akamakumbukira madyerero amatchula Khirisimasi, koma ife amene tinakulira ku Kopala, dera la migodi la ku Zambia, tinali ndi nyengo inanso yachisangalalo pakati pa chisanu. Kitwe ndi Ndola ndi mizinda yomangidwa pamalo okwera mamita oposa 1,200, choncho usiku wa Juni ndi Julayi umazizira mpaka m'mafupa. M'nyengo imeneyi muli matchuthi awiri ogundizana: Lolemba loyamba la Julayi ndi tsiku lokumbukira ngwazi, Heroes, ndipo Lachiwiri lake ndi tsiku la umodzi, Unity. Kuphatikiza Loweruka ndi Lamlungu, masiku ankakwana anayi, ndipo moyo wa mukomboni unkayenda pang'onopang'ono.

Bambo anga anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nadzera ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, mpaka anapeza ntchito pamgodi wa Nkana. Tinkakhala ku Wusakile, m'nyumba za mgodi zofanana khomo ndi khomo. Anansi athu anali Abemba, Alamba, Alozi, Ansenga ndi Alunda, ndipo ife ankatitchula kuti Anyasa. Kwa ife chikondwerero chinali chapawiri, pakuti Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, ndipo tsikuli limagwa pafupi ndi matchuthi aja chaka chilichonse. Abambo ndi anzawo akumudzi ankasonkhana pakhonde, atavala majekete, n'kumafunsana za mvula ya kwawo ndi za amene analandira kalata posachedwa.

Kukonzekera kunkayamba masiku angapo tchuthi chisanafike, chifukwa zakumwa za nyengoyi sizinkalola changu. Amayi anga anali katswiri wa thobwa. Ankaviika mawere, n'kuwafunditsa masaka mpaka atamera, kenako kuwayanika ndi kuwasinja kuti akhale chimera. Mnansi wathu, mayi wachikulire wachibemba amene tonse tinkamuitana kuti bamayo, anali mwini munkoyo. Mizu yake ankagula kwa amayi achilamba amene ankaikumba m'tchire. Ndikadali kuwaona akumenya mizuyo pamwala mpaka itasanduka luzi lachikasu. Ankaphika phala lamadzimadzi la mgaiwa, n'kulisiya kuti lizizireko. Ankaliyesa ndi chala chaching'ono, chifukwa likatentha kwambiri limapha mphamvu ya muzu. Akaponyamo luzi lija, phalalo linkasungunuka lokha n'kuyamba kutsekemera. Akasefa ankathira m'chipanda chachikulu chimene sichinkatsukidwa ndi sopo, n'kuchiika pakona. Kukazizira munkoyo umachedwa kupsa, ndiye ife ana tikamazungulirazungulira chipandacho, amayi ankati, “Dikirani ana inu, kuona maso a nkhono n'kudekha.”

Tsiku likafika, mbale ya thobwa inkadutsa pampanda kupita kwa bamayo, ndipo inkabwerako itadzaza munkoyo. Amayi awiriwa ankalankhulana wina m'Chinyanja wina m'Chibemba, osasintha, koma ankamvana zonse. Kumeneko n'kumene amayi anaphunzira kuphika chikanda. Timizu touma ta chikanda ankatisinja, n'kusakaniza ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi soda pang'ono. Ankatakasa mpaka mkono kuwawa, phalalo n'kusanduka lofiirira ndi lonanda. Likalimba ankalisalaza pamwamba ndi chikombe, kuvundikira, n'kuika makala amoto pachivundikiro kuti lipse ndi kumwamba komwe. Linkadulidwa litazizira, ndipo palibe amene ankaloledwa kutomola lisanafike pamenepo. Nawonso bamayo anatengera kwa amayi kaphikidwe ka futali ndi mfutso wotendera.

Mbale ya masana inkakhala yolemera. Tambala ankaphedwa m'mawa, n'kubwata pamoto wochepa mpaka nyama kulekana ndi fupa. Pambali pake pankakhala ifisashi, masamba otendera ndi mtedza, komanso nsomba zouma zochokera ku Luapula ndi kapenta wa ku Mpulungu, zogula kumsika wa Chisokone. Mpunga unali wa ana ndi alendo, koma abambo sankati adya ngati sanagwire nsima. Aliyense wodutsa pamsewu, kaya ndi mbeta yogona kumanyumba a anyamata, ankaitanidwa: “Fikani achimwene, madzi awa sambani.” Mgodi sunkagona, ena ankalowabe shifiti ngakhale pa tchuthi, ndiye mkute wawo unkasungidwa pafupi ndi moto, wokulungidwa m'chitenje.

Chimene ndimachilakalaka kwambiri ndi madzulo. Dzuwa likangolowa, mbaula inkabwera pakati pa bwalo, ife n'kuizungulira titafunda mabulangete a mizeremizere. Juni ndi Julayi ndi nyengo ya mbatata ndi mtedza watsopano. Mbatata tinkaikwirira m'phulusa pansi pa mbaula, chinangwa choviika tinkachiotcha pamwamba n'kumadyera mtedza wokazinga. Mbatata yokwirira siifulumizidwa: ukaitulutsa msanga, kunja kwapsa m'kati muli gwa. Podikira paja m'pamene nkhani zinkatuluka. Abambo ankasimba za mapiri a kwawo ndi za gule, mkulu wina wachilozi ankasimba za madzi osefukira a Zambezi, ndipo amayi ankaponya ndagi. Nthawi ndi nthawi thambo linkafiira mbali ya mgodi, pamene ankakhuthula zotsalira za mkuwa zamoto pamulu waukulu uja umene lero amautcha Black Mountain. Tinkayang'ana pang'ono, n'kubwerera kunkhani zathu.

Tsiku limodzi mwa anayiwo linali la ku Ndola, kumene chionetsero cha zamalonda cha Trade Fair chimachitika m'masiku omwewa. Tinkadzuka kukadali mdima, milomo itang'ambika ndi chisanu, amayi n'kutidzoza mafuta kumaso ndi m'miyendo. Basi ya UBZ inkatiyendetsa mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Ndola wa nthawi imeneyo unali mzinda wa mafakitale, ndipo fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inali itangotsegulidwa mu 1973. Tinkaona mathirakitala, matayala, nsalu ndi makina amene sitinkadziwa ntchito yake, magulu oimba akusinthana pabwalo. Ndalama yogulira zakudya za m'menemo inali yochepa, choncho tinkakhala pa udzu n'kumasula phukusi lathu la nkhuku, mbatata yophika ndi chigubu cha munkoyo. Usiku tinkagona kwa azakhali ku Chifubu, ana tonse pamphasa imodzi, akuluakulu akucheza mpaka tambala woyamba.

Sindikunena kuti masiku amenewo analibe mavuto. Ntchito ya pansi pa nthaka inkatenga miyoyo ndi mapapo a amuna, ndipo utsi wa mgodi unkatsokomoletsa. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, mizere ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira inayamba kutalika. Mu Disembala 1986 ku Kopala kunabuka zipolowe chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa. Migodi imene inali pansi pa kampani ya ZCCM kuyambira 1982 inagulitsidwa pofika 2000, anthu ambiri ntchito n'kutha, ndipo mafakitale ochuluka a ku Ndola anatseka. Anyasa ambiri anabwerera kwawo, ena anatsala ndipo adzukulu awo lero amalankhula Chibemba. Koma ngakhale m'zaka zosowa, mbale ija sinasiye kudutsa pampanda. Shuga akasowa, munkoyo unkatsekemera wokha ndi muzu wake.

Kumaiko ena khalidwe lotere amalisunga ngati chuma. Ku Burgundy, dera la mphesa ku France, alimi amakumbukira Vincent Woyera, nkhoswe yawo, pa 22 Januwale, pakati pa chisanu chawo. Kumapeto kwa mweziwo midzi imalandizana chikondwerero chaka ndi chaka, anthu n'kudya ndi kumwa limodzi vinyo amene wakhala miyezi kapena zaka m'migolo. Alendo amalipira ndalama kukaona zimenezi. Ife tinali nazo zathu mukomboni ya mgodi, zophikidwa ndi manja a amayi athu, ndipo maziko ake anali omwewo: chakudya chofuna nthawi chimakhazika anthu pansi, ndipo anthu akakhala pansi amadziwana. Umodzi umene unalembedwa pakalendala tinkauphunzira podikira chipanda ndi mbatata pamodzi ndi ana a mitundu ina.

Lero adzukulu anga amagula chakudya chophikaphika m'masitolo akuluakulu, n'kudya aliyense maso ali pafoni. Sindiwadzudzula, moyo wawo ndi wothamanga kuposa wathu. Pempho langa ndi limodzi. Mizu ya munkoyo ikadagulitsidwa ku Chisokone ndi ku Masala, ndipo agogo odziwa kuyesa phala ndi chala akadalipo, koma akutha mmodzimmodzi. Julayi akubwerayu, pitani kwa iwo masiku atatu tchuthi chisanafike, mukaphunzire ndi manja anu. Mukaphika, musadye nokha: itanani a khomo loyandikana nalo, ngakhale simudziwa mtundu wawo.