Tsiku Limene Ndinaphwetsa Matayala a Amalume

M'mwezi wa Okutobala caka ca 2023, ndiri pa chuthi kwathu ku Katete, amalume anandiitana kuti ndiwaperekeze ku Lusaka. Anali atalongeza m'lole yao matumba 180 a cimanga, lirilonse lolemera makilogalamu 50, ndiko kunena kuti matani 9. Cimangaco sicinali cao okha ai. Mabanja asanu ndi limodzi a m'mudzi mwathu anasonkha matumba ao kuti akagulitsidwe ku zigayo za mu mzinda, ndipo onsewo anali kudikira ndalama zogulira mbeu ndi feteleza mvula isanagwe.

M'banda kuca, tisananyamuke, amalume anazungulira lole akumenya thayala lirilonse ndi citsulo, namvetsera kulira kwace. Umo ndi m'mene anali kupimira mpweya zaka zonse, pakuti geji analibe. Atakhutira, tinauyamba ulendo pa mseu wa Great East, kupyola Sinda ndi mphambano ya ku Petauke.

Tinafika pa Nyimba dzuwa liri pamutu. Pamene amalume anali kudya nsima, ine ndinakhudza thayala lina la kumbuyo ndipo ndinapeza kuti linali lotentha ngati ciwaya. Pomwepo ndinakumbukira phunziro la ku sekondale lakuti mpweya ukatentha umafutukuka.

"Amalume," ndinatero ine, "matayalawa akhuta mopitirira. Tikapanda kucepetsako mpweya, aphulika tisanaoloke Luangwa."

Anandiyang'ana kanthawi, nati, "Iwe ndiwe wa sukulu, mwana wa mlongo wanga. Cita cimene udziwa."

Ndinatola msomali ndi kuyamba kudinikiza mavalavu a matayala onse anai a kumbuyo, mpweya uli kutuluka, mtima wanga uli kunyada kuti maphunziro anga apulumutsa cimanga ca mudzi.

Titapitirira Kacholola, potsetsereka kulinga ku cigwa, tinamva kuphulika konga kwa mfuti. Lole inadzandira. Amalume anagwiritsa ciongolero, osaponda mabuleki mwadzidzidzi, mpaka tinaima m'mbali mwa mseu pafupi ndi phompho. Thayala la m'kati la kumanzere linali litang'ambika, mawaya ace ali pamtunda. Tinaikapo la sipeya, lomwe linali lakutha kale, ndi kukwawa pang'ono-pang'ono kufikira pa msika wa pa Luangwa, kumene tinagona pakati pa ogulitsa nsomba zouma. Usiku wonse amalume sanandidzudzule ngakhale ndi liu limodzi, ndipo kukhala cete kwaoko kunandipweteka koposa mkwapulo.

M'mawa mwace tinapeza mkulu wina wokonza matayala. Asanakhudze kanthu, anatenga geji ndi kupima matayala onse. A kumbuyo otsalawo anasonyeza mpweya wosafika 5 bar, pamene katundu wathu, monga ananenera mkuluyo, anali kufuna pafupi-fupi 7 bar. Nditaulula zimene ndinacita pa Nyimba, anapukusa mutu.

"Mwananga," anatero, "cimene cimanyamula katundu ndi mpweya. Mphira ndi mawaya nchito yace ndi kusunga mpweyawo. Matayala anu anacoka kumudzi ali ndi njala kale, ndico cifukwa cace anatentha cotero. Iwe unawalanda ndi kocepa komwe anali nako."

Kucokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa kwa amakanika ndi kuwerenga mabuku a opanga matayala, ndipo zimene ndapeza zigwirizana ndi mau a mkulu uja. Thayala locepa mpweya limapindika m'mbali nthawi iriyonse likazungulira. Kupindika-pindikako kumabala kutentha, monga momwe waya amatenthera mukamupinda kawiri-kawiri, mpaka mphira umalekana ndi mawaya. Phunziro langa la ku sekondale silinali labodza, koma ndinalidziwa theka cabe. Opanga matayala adziwa kuti mpweya umakwera paulendo, ndipo anawerengeratu zimenezo. Cifukwa cace mpweya upimidwa thayala liri lozizira, m'mawa lole isanayende kapena itaima maola atatu, ndipo thayala lotentha saliphwetsa konse.

Nanga mpweya woyenera ndi wotani? Palibe nambala imodzi yokwanira malole onse. Yankho liri pa kulemera kwa katundu ndi pa zolembedwa m'mbali mwa thayala, zimene ambiri a ife sitiziwerenga. Pa matayala a amalume panalembedwa 315/80R22.5, kenaka 156/150. Nambala ya 156 itanthauza kuti thayalalo likakhala lokha, monga kutsogolo, lingathe kunyamula makilogalamu 4,000. Ya 150 itanthauza makilogalamu 3,350 likakhala limodzi ndi linzace, monga kumbuyo. Kulemera kumeneku kufanana ndi matumba 67 a cimanga, koma tisaiwale kuti thayalalo linyamulanso thupi la lole yeni-yeniyo. Panalembedwanso 900 kPa, ndiyo 9 bar kapena 130 psi. Umenewu ndiwo mpweya wofunika pamene thayala lasenza katundu wace wonse, ndipo suyenera kupitirira pamenepo popopa. Katundu akacepa, mpweya ungacepeko molingana ndi ndandanda ya opanga matayala kapena buku la lole. Galimoto yaing'ono imayenda ndi mpweya wongopitirira 2 bar pang'ono, cotero amene anazolowera galimoto zotere asayese nzeru zace pa lole.

Kupopa mopitirira nakonso kuli ndi zoipa zace. Thayala lotere limaponda pansi ndi pakati pokha, limatha msanga pakatipo, siligwira bwino mseu, ndipo likagunda mwala kapena dzenje limang'ambika mosavuta. Locepa mpweya limatha m'mphepete ndipo limamwetsa lole dizilo wambiri. Munthu wa maso angathe kudziwa mbiri ya thayala pongoona kumene ladyeka.

Matayala apawiri a kumbuyo afuna cisamaliro capadera. Awiriwo ayenera kukhala a msinkhu umodzi ndi a mpweya wofanana. Limodzi likacepa mpweya, linzace limasenza katundu woposa gawo lace, pamene lofewalo likhuzika pa mseu. La m'kati ndilo limaiwalika kawiri-kawiri cifukwa valavu yace ndi yobvuta kufikira, ndipo lingakhale lofewa osaoneka popeza lakunja lalicirikiza. Citsulo ca amalume cingadziwitse munthu thayala lophweratu, koma khutu silingasiyanitse 5 bar ndi 7 bar.

Cinanso cimene ndinaona kwa mkulu uja ndi ici: anakana kungoonjezera mpweya m'matayala athu. Anawacotsa ndi kuyamba wayang'ana m'kati mwace, pakuti thayala limene layenda ndi katundu litataya gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wace lingakhale ndi mawaya othyoka osaoneka kunja. Popopa, anagwiritsa nchito paipi yaitali ndipo anatithamangitsa tonse kuti tisaime moyang'anana ndi mbali ya thayala. Mpweya wa m'thayala la lole uli ndi mphamvu yakupha munthu. M'magaraji akulu amapopera thayala m'khola la zitsulo pa cifukwa comweci.

Tinafika ku Lusaka titacedwa tsiku lathunthu. Cimanga cinagulidwa, mabanja aja analandira ndalama zao zonse, koma phindu la amalume la ulendowo linathera pa thayala latsopano. Ndikaganiza za phompho lija ndi mnyamata wothandiza amene anakhala pamwamba pa matumba, ndimaona kuti tinalipira mtengo wocepa. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinacita coposa apo, pakuti ndinadyetsa phulalo munthu amene anandikhulupirira.

Ambiri mwa inu owerenga mulibe malole, koma caka ndi caka mumaika thukuta lanu pa lole ya wina, kaya ndi cimanga, nshawa, thonje kapena fodya. Muli ndi ufulu wofunsa dalaivala ngati wapima matayala ndi geji m'mawa umenewo. Ndiponso pamene iye wanena kuti lole yadzaza, musamuumirize kuti aonjezepo matumba ena asanu cifukwa ca cibale, popeza thayala liri ndi malire amene analembedwa pa thupi lace.

Mwezi wotsatira nditalandira malipiro, ndinapereka theka la mtengo wa thayala lija ndi kugulira amalume geji, imene mtengo wace ndi kadontho cabe poyerekeza ndi wa thayala. Anailandira ndi manja awiri, naisunga m'kabokosi pamodzi ndi laisensi yao. Citsulo cija sanacitaye. Amamenyabe naco matayala poima panjira, koma m'mawa uliwonse asananyamuke amagwada pa thayala lirilonse, la m'kati lomwe, ndi kuwerenga nambala.