Kujambula Nyimbo Mwakacetecete Pabwalo la Zoimbaimba

Anthu ena amaweta nkhunda, ena amasonkhanitsa masitampa. Ine cimene ndimakonda, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndico kujambula mau a oimba pamene alikuimba pamaso pa anthu. Ndimacita zimenezi mwakacetecete, kotero kuti mnzanga woima pafupi nane sadziwa n'komwe kuti m'thumba la jekete langa muli makina.

Wina angafunse kuti, “Nanga kubvutikiranji pamene nyimbozo zili kale pa malekodi?” Yankho ndi lakuti nyimbo ya pa lekodi ndi nyimbo ya pabwalo n'zosiyana. Lekodi yaing'ono inali kutenga mphindi zitatu kapena zinai mbali imodzi, koma usiku m'holo gulu la kalindula linali kuikoka nyimbo yomweyo kufikira obvina atalefuka. Woimba anali kuonjezera mau atsopano, wa gitala nayankha, anthu nabvomereza ndi nthungululu. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo Kris Chali wa gulu la Amayenge anatisiya mu 2003. Malekodi ao tili nao, koma zimene anali kucita pamaso pa khamu zinatsala m'makutu mwa amene analipo, ndiponso pa matepi a anthu ocepa amene anajambula.

Cizolowezi cimeneci ciliko ndi ku maiko ena. Ku Los Angeles, Mike Millard anali kubisa makina ake a Nakamichi m'njinga ya olemala, ndipo tepi yake ya gulu la Led Zeppelin ya mu 1977 imamvedwabe mpaka lero. Gulu la Grateful Dead linasankha njira ina: mu 1984 linapatula malo m'bwalo kuti ojambula aziimikapo makina ao poyera.

Koma phunziro lalikulu limene matepi anandipatsa ndi lakuti mapanga awiri abvumbwitsa. Munthu amene maso ake ali pa makina usiku wonse amabwerera kwao ndi tepi, koma cisangalalo cimene analipirira pakhomo sanacilawe. Cifukwa cake nchito yonse ndimaitsiriza ndisanacoke panyumba. M'masiku a kaseti ndinali kuika mabatire atsopano ndi kugula kaseti ya C90, imene imatenga mphindi 45 mbali imodzi, kuti ndiitembenuze kamodzi kokha pamene oimba apumula. Kamaikolofoni ndimakakoloweka pa kolala, ndipo kanyali kofiira ka makina ndimakamata kuti kasakope maso a anthu. Malo abwino ndi pakati pa holo, pakuti pafupi ndi zokuzira mau ng'oma imamiza zina zonse. Ndikatha kusindikiza batani, makina ndimawaiwala.

Pali mtengo wake, pakuti wojambula safuula, sakamba nkhani ndi mnzake, ndipo m'manja amaomba pang'onopang'ono. Koma kukhala cete kumeneko ndiko kunanditsegula makutu. Ndinayamba kumva mmene gitala ya besi imatsogolera miyendo ya obvina, ndi mmene woimba ng'oma amacenjezera anzake kuti nyimbo ili pafupi kutha.

Lero makina ojambulira ali m'thumba la munthu aliyense. Oimba akangoyamba, mafoni amakwera m'mwamba ngati mapesi a cimanga, ndipo wam'mbuyo amaonera woimba pa kagalasi ka mnzake. Anzanga acinyamata, ikani foni m'thumba la malaya, mau alowa okha, maso anu akhale pa oimba.

Pomaliza, kujambula mwakacetecete kusasanduke kuba. Lamulo la dziko lathu la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limacinjiriza oimba ndi nyimbo zao. Kumene kuli kotheka ndimayamba ndapempha mtsogoleri wa gulu, ndipo kumene aletsa, makina amakhala ozima. Tepi yanga sinapitepo pamsika, pakuti thukuta limene lili m'menemo ndi la woimba. Ine canga ndi kusunga cabe. Pa tepi iliyonse ndimalemba tsiku, malo ndi dzina la gulu, kuti mwana wa woimbayo akadzafuna kumva mau a atate ake ali pabwalo, adzawapeze.