Makutu Adziwa Kwao kwa Munthu

Ciripo cinthu cimodzi cimene munthu sakhoza kucisiya kumudzi pamene anyamuka ulendo, ndico malankhulidwe amene anayamwa kwa amace. Cobvala akhoza kusintha, ngakhale dzina lomwe, koma lilime limuulula.

Ine ndinabadwira kufupi ndi phiri la Nkhoma, ndipo nditakula ndinatsikira ku Blantyre kukafuna nchito. Tsiku loyamba kulowa mu msika wa ku Limbe ndinaima pa mai wina wogulitsa matemba, ndi kumfunsa kuti, "Dzimenedzi mucita bwanji?" Maiyo anaseka nati, "Acimwene a ku Lilongwe, mwafika liti?" Ndinazizwa, pakuti sindinamuuze kanthu za kwathu. Liu limodzi linandigulitsa.

Pokhala zaka zambiri ku Ndirande, kumene mitundu yonse itunga pa mpope umodzi, makutu anga anaphunzira nawonso nzeru yomweyi. Makutu sayembekeza kuti munthu atsirize nkhani; atola kanthu kakang'ono, monga mlenje aona phazi limodzi nadziwa nyama. Ife a kwathu titi dzinthu, anzathu a kuno ati zinthu, Msena wa ku Nsanje ati pinthu, Mtumbuka ati vinthu. Ambiri a m'mzinda muno ati siku ndi sopano pamene ife titi tsiku ndi tsopano. Nkhalamba ya Ciyao pothokoza iti sikomo. Koma coposa zonsezi ndico kukwera ndi kutsika kwa mau, kumene sikulembeka m'buku. Munthu ali kuseri kwa mpanda, mau ace osamveka bwino, koma udziwa kuti uyu ngwa kumpoto.

Si ife tokha. Anthu olankhula Cisipanishi, amene apitirira 400 miliyoni, azindikirana momwemo. Wa ku Madrid pochula z aika lilime pakati pa mano, wa ku Mexico aichula ngati s. Wa ku Cuba ameza s wa kumapeto kwa mau, ndipo wa ku Buenos Aires poitana mnzace ati vos pamene ena ati tú. Koma makutu anyenganso. Ndadziwa ana a Atumbuka obadwira ku Zingwangwa amene palibe angawasiyanitse ndi Amang'anja. Ndipo kawirikawiri munthu tiyamba tamuona nkhope kapena kumva dzina lace, pamenepo makutu "amva" cimene mtima unaganiza kale.

Makolo athu a mu Mpingo anabvutika nayo nkhani iyi. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anasindikiza buku lace lomasulira mau a Cimang'anja m'caka ca 1892, pamene a Misyoni ya Dutch Reformed ku Mvera anali kuphunzitsa m'Cicewa. Kuti pasakhale Mabuku awiri, anagwirizana m'caka ca 1900 kumasulira pamodzi, William Murray natsogolera nchitoyo, ndipo Buku Lopatulika linatha kusindikizidwa m'caka ca 1922. Buku limodzi, koma pakamwa powerenga pambiri. M'caka ca 1968 boma linacha cinenero cathu Cicewa, ndi kucikweza cikhale ca dziko lonse. Ndipo ndibvomere kuti ife a pakati tinayamba kuyenda motukula mapewa, monga ngati Mulungu yemwe alankhula Cicewa ca ku Kasungu.

Tsono ndinene cimene candilembetsa. M'nyumba yathu yopemphereramo munali mkulu wina wa ku Phalombe, mlonda wa usiku, amene anaphunzira kuwerenga atamera kale imvi. Lilime lace linali la Cilomwe, limene b limveka ngati p, ndi d ngati t. Tsiku lina la Sabata anapatsidwa kuwerenga za mfumu Davide, ndipo iye anati Tavite. Ine ndinali pa mpando wa oyimba. Ndinagwira pakamwa, koma phwete linaturuka, anyamata anzanga nanditsata. Mkuluyo anaima pang'ono, natsiriza ndime yace ndi mau onjenjemera, nakhala pansi. Kuyambira tsiku lomwelo sanaimenso kutsogolo.

Poturuka, mai wina wa Mvano anandiitanira pambali nandifunsa ngati ndinawerengapo Oweruza 12. Ndinakawerenga usiku womwewo: amuna a Efraimu 42,000 anaphedwa pa madooko a Yordano cifukwa ca kulephera kuchula liu limodzi monga analichulira a Gileadi. Ndinakumbukanso Petro pa bwalo la mkulu wa ansembe, amene anamzindikira ndi malankhulidwe ace a ku Galileya; ndipo Ambuye wathu analeredwa ku Galileya komweko.

Pamene ndinaseka sindinadziwe kulemera kwa cimene ndinaseka. Alomwe analowa m'dziko muno ambirimbiri kucokera ku Mozambique kuyambira zaka za m'ma 1890, nagwira thangata m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, anthu nawacha dzina lonyoza limene sindifuna kulilemba pano. Lewis Bandawe, amene anagwira nchito yomasulira Cipangano Catsopano m'Cilomwe, anatsogolera bungwe la Alomwe m'caka ca 1943 kuti dzinalo lileke. Koma manyazi anali atalowa kale, kotero kuti makolo ambiri analeka kulankhula Cilomwe kwa ana ao, kuopa kuseka konga kwanga kuja.

Anapita masabata atatu ndisanalimbe mtima. Potsiriza ndinakwera kunyumba kwace m'munsi mwa phiri la Ndirande, ndi kumpeza alikuwotha dzuwa atacokera ku ulonda. Ndinagwada, ndi kunena kuti, "Bambo, ndinalakwa." Iye anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwana wanga, inunso potsegula pakamwa timamva kwanu, koma ife sitiseka." Anaitana akazi ace atipatse kalongonda, tinadya pamodzi, nandikhululukira. Ndinampempha kuti awerengenso Sabata likudzalo. Anapukusa mutu, nati maso ayamba kucita cidima. Koma Buku lace linali pa mphasa pambali pace, lotsegula.