Caka Cimene Tinali ndi Ana Athu ku England

Mu komboni mwathu munthu sasankha timu ya ku England. Amaipeza m'nyumba, monga mmene amapezela chalichi ndi dzina la banja. Atate anali a Manchester United, ine ndinakula ndili wa Manchester United, ndipo mng'ono wanga amene anapanduka n'kupita ku Chelsea mu 2005 mpaka lelo timamuitana kuti wogulidwa. Ukakwela minibasi ya ku Matero pa Mande m'mawa, kondakita amadziwa kale amene afunika kusekedwa, amangoyang'ana jezi. Amuna akulu-akulu a ndevu zawo tinali kukangana mpaka kukwiyitsana cifukwa ca mizinda imene sitinapondemo, ndiponso anyamata amene mwina sangaloze n'komwe Zambia pa mapu.

Nyengo ya 2021/22 inasokoneza dongosolo limeneli. Inayamba pa 13 August, tsiku limodzi cabe pambuyo pa masankho, inki ikali pa cala. Usiku umenewo Brentford, timu imene inali itangokwela kumene, inamenya Arsenal 2-0, koma ambili a ife maso anali pa zotsatila za mavoti. Nkhani ya mpila imene tinali nayo pamtima inali itacitika kale m'miyezi yozizila. Leicester City inagula Patson Daka ku Red Bull Salzburg, manyuzipepala anakamba za mapaundi pafupi-fupi 23 miliyoni, ndipo patapita masiku ocepa Brighton inatenga Enock Mwepu ku timu imodzimodziyo. Anyamata awiliwa tinali kuwadziwa bwino. Onse anapitila ku Kafue Celtic. Onse anali mu timu ya Under-20 imene inatenga kapu ya Africa pa Heroes Stadium mu March 2017, pamene tinamenya Senegal 2-0, Daka n'kugoletsa cimodzi. Ine ndinali m'sitediyamu tsiku lija, kumwamba kwenikweni kumene osewela amaoneka ngati nyelele.

Sikuti anali oyamba kufika mu Premier League. Collins Mbesuma anapita ku Portsmouth mu 2005, Emmanuel Mayuka ku Southampton mu 2012, koma onse awili anabwelako osagoletsa mu ligi. Anthu okonda mikangano amachulanso Robert Earnshaw, amene anabadwila ku Mufulira n'kugoletsa zigoli zambili ku England, koma iye anasewelela Wales, ndipo mu bala palibe amene amamuwelengela. Conco tinali ndi njala ya zaka zambili.

Njala imeneyo inatha pa 16 October, ndipo inathela pa timu yanga. Leicester inali kusewela ndi United pa King Power, 16 hours nthawi yathu. Tinali kuonelela pa malo athu a masiku onse, kacipinda ka malata kokhala ndi mabenchi ndi TV imodzi yopacikidwa m'mwamba, kumene umalipila pakhomo kapena kugula cakumwa. Greenwood anayamba kugoletsa, Tielemans anabweza. Cakumapeto zinthu zinathamanga: Soyuncu, kenako Rashford, ndipo tikali kukondwela ndi ca Rashford, Vardy anagoletsa cacitatu. Daka anali atalowa kucokela pa benchi. Nthawi itatha kale, mpila unadutsa pakati pa miyendo ya anthu n'kumupeza ali pafupi ndi polo, iye n'kungoukankhila mkati. Sicinali cigoli cokongola. Mwana aliyense wa pa gilaundi ya fumbi akanacigoletsa. Koma denga la malata lija linatsala pang'ono kucoka. Ndinadzipeza ndili cilili pa benchi, nditavala jezi yofiila yolembedwa Ronaldo kumbuyo, ndikukuwa dzina la munthu amene wangotsiliza timu yanga. Mdala wina wa Arsenal, amene kwa zaka zisanu sitinagwilizanepo pa ciliconse, anandikumbatila n'kunditayila mowa pa nsapato.

Pa Mande ana a m'kalasi anali kundidikila. "Ba Sir, manje imwe munali mbali iti?" Ndinawauza kuti atsegule mabuku pa tsamba la ma fraction.

Patapita masiku anayi Daka anagoletsa zigoli zinayi ku Moscow, pa Spartak, mu Europa League, Leicester itatsalila 2-0 n'kupambana 4-3. Ndiyeno pa 30 October inali nthawi ya Mwepu. Liverpool inali patsogolo 2-0 pa Anfield, ndipo masiku asanu ndi limodzi cabe m'mbuyomo inali itacititsa manyazi United 5-0 pa Old Trafford, Salah yekha zitatu. Palibe amene anali kuganizila Brighton. Kutatsala pang'ono kuti apite kukapumula, Mwepu analandila mpila ali patali ndi golo, cakumanja, n'kuumenya kamodzi. Unakwela, unapindika, n'kugwela kumbuyo kwa Alisson. Mpaka lelo pali anthu amene amati anali kufuna kupatsila mnzake, ena amati dzuwa linam'thobwa m'maso Alisson. Ine ndaonelela cigoli cija kambili-mbili pa foni, ndipo ndimaona munthu amene anayang'ana pamene goalkeeper waima asanamenye. Dzina lakuti Computer sanam'patse mwangozi. Trossard anabweza caciwili, masewela anatha 2-2.

M'masabata awili amenewo komboni inasintha mtundu. Pa salaula ndi m'mashopu a ku Kamwala munayamba kupezeka majezi a buluu a Leicester, ndi a mizela ya buluu ndi yoyela a Brighton, timu imene caka capita ambili sitinali kudziwa kuti ili m'mbali mwa nyanja. Pa Facebook, tsamba la Leicester likangolemba ciliconse, olo za tsiku lobadwa la wosewela wina, pansi pake panali kudzaza mbendela za Zambia ndi funso limodzi kwa Brendan Rodgers, lakuti Daka ayamba liti. Apa ndimasiyana ndi anzanga ambili. Iwo anali kuona tsankho. Ine ndinali kuona Jamie Vardy, munthu amene anathandiza timu ija kutenga ligi mu 2016 ndipo mu nyengo imeneyi anagoletsa 15 olo kuti anali kuvulala-vulala. Mnyamata wa zaka 23 wocokela ku ligi ya Austria, ngakhale atagoletsa 27 kumeneko, sangafike n'kucotsa mwini nyumba pa mpando caka coyamba. Daka anatsiliza ndi zigoli 5 mu ligi. Kwa ine zinali zokwanila. Kwa anyamata amene anali kumuika pa tikiti ya betting sabata iliyonse kuti agoletsa, zinali zakuba.

Za betting ndingakambe zambili. Ndalanda timapepala tambili m'kalasi, tobisika m'mabuku a masamu, ndipo comvetsa cisoni n'cakuti mwana amene amalephela kuculukitsa ma decimal pa bolodi amawelengela ma odds a matimu khumi pamtima popanda kuphonya. Cikondi cimene tinali naco pa Daka ndi Mwepu cinalowanso m'timapepala timeneto, ndipo ndalama za lunch zambili zinathela pa kukonda dziko.

Mu January 2022 kapu ya Africa inacitikila ku Cameroon popanda ife. Salah, Mane ndi Mahrez anasiya matimu awo n'kupita, athu anatsala ku England m'cisanu cifukwa Chipolopolo inalephela kupitako kacitatu kotsatizana. Mwezi umenewo ndiwonso maphunzilo aulele anayamba. Kalasi yanga ya Grade 9 inadzaza mpaka ena kukhala atatu pa desiki, ndipo pakati pa amene anabwelela ku sukulu panali mnyamata wina wamtali, wakacetecete, amene anakhala pa nyumba caka cathunthu cifukwa ca ndalama. Anali kusewela pakati, namba 8, mu katimu ka m'komboni. Ndinapita kukamuona kamodzi pa Sondo. Sindine kochi, koma ndinaona kuti iye amatembenuza mutu mpila usanafike, pamene anzake amauyang'ana cabe.

Pa 9 April Brighton inapita ku Emirates n'kumenya Arsenal 2-1. Mwepu anapatsila Trossard coyamba, caciwili anagoletsa yekha, atalandila mpila wocokela kwa mnyamata wa ku Ecuador, Moises Caicedo, amene tsiku limenelo anali kusewela masewela ake oyamba mu ligi. Pambuyo pake mnyamata wanga uja anayamba kusowa masana. Amai ake, amene amagulitsa tomato ndi kapenta pa msika, anabwela ku sukulu atavala citenge ca chalichi. "Ba Sir, mukambe naye ndimwe. Ine akuti sindidziwa bola."

Ndinakamba naye m'njila imene ndimadziwa. Ndinalemba pa bolodi 1992, caka cimene Premier League inayamba, ndi 2022. Pansi pake ndinalemba maina anayi: Mbesuma, Mayuka, Daka, Mwepu. Ndinamuuza kuti aganizile anyamata onse amene amenya bola pa magilaundi a Zambia m'zaka 30 zimenezo, kucokela ku Chililabombwe mpaka ku Livingstone, ndipo andiuze mwai wake monga fraction. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali.

"Ba Sir, koma awili mwa anayi abwela caka cimodzi. Ndiye kuti graph ikwela."

Linali yankho labwino kuposa ambili amene ndinalandila temu imeneyo, ndipo ndinamuuza zimenezo. Ndinamuuzanso zimene TV sionetsa, kuti Daka ndi Mwepu anakhala zaka zinayi ku Austria, kuyambila ku Liefering, timu yaing'ono ya Salzburg, m'dziko la cinenelo cacilendo, kumene munthu afunika kuwelenga contract ndi kumva zimene kochi walemba. Tinapangana atatu, iye, amai ake ndi ine. Training masiku atatu pa sabata akaweluka, kalasi tsiku lililonse, ndipo akaphonya tsiku limodzi maboot agona ku msika pansi pa thebulo la tomato. Anagonako kawili.

Za United m'miyezi imeneyo sindifuna kukambapo zambili. Solskjaer anacotsedwa mu November atamenyedwa 4-1 ku Watford, Rangnick anabwela ndi mau ambili, Ronaldo anagoletsa 18 koma timu inatsiliza pa namba 6 ndi mapointi 58. Pa 7 May Brighton inatimenya 4-0, ndipo ndinazindikila kuti sizinandiwawe mmene zinayenela kundiwawila. Brighton ya Graham Potter inatsiliza pa namba 9 ndi mapointi 51, malo apamwamba kuposa onse amene inafikapo mpaka nthawi imeneyo. Leicester inali pamwamba pake ndi pointi imodzi.

Tsiku lotsiliza, pa 22 May, mwini malo anabweleka TV yaciwili. Manchester City inali patsogolo pa Liverpool ndi pointi imodzi, ndipo Aston Villa ya Steven Gerrard, mwana wa Liverpool, inafika pa Etihad n'kutsogola 2-0. A Liverpool a mu komboni anayamba kuvina, olo kuti timu yawo inali ikali 1-1 ndi Wolves. Kenako Gundogan, Rodri, Gundogan kaciwili, zigoli zitatu m'mphindi zosakwana zisanu ndi imodzi. Liverpool inapambana 3-1 koma sizinathandize: 93 kwa 92. Pa Mande ndinagwilitsila nchito tebulo limenelo pophunzitsa. City inapambana 29 n'kufanana mphamvu 6, Liverpool inapambana 28 n'kufanana mphamvu 8, ndipo Liverpool inaluza masewela awili cabe pamene City inaluza atatu. Ndinawafunsa kuti zitheka bwanji woluza pang'ono kukhala waciwili. Kalasi yonse inagwila bopeni, ngakhale atsikana a kumbuyo amene amati mpila ndi phokoso la amalume awo.

Tonse tinali kuona nyengo imeneyo monga ciyambi. Mwepu anali ndi zaka 24, kaputeni wa Chipolopolo, ndipo pa bala tinali kukangana kale za timu yaikulu imene idzamugula. Mu September anadwala ali pa ulendo wopita ku Mali ndi timu ya dziko. Pa 10 October Brighton inalengeza kuti madokotala apeza matenda a mtima ocokela ku makolo, ndi kuti akapitiliza kusewela akhoza kufela pa gilaundi. Analeka mpila tsiku lomwelo. Zigoli ziwili zija, ca pa Anfield ndi ca pa Emirates, ndizo zonse zimene anagoletsa mu Premier League. Caicedo, amene anam'patsila mpila tsiku lija, anagulidwa ndi Chelsea caka cotsatila pa mapaundi 115 miliyoni.

Nkhani inatipeza pa break, pa foni ya mphunzitsi mnzanga mu staffroom. Masana mnyamata uja anatsalila anzake atatuluka. Mayeso a Grade 9 anali pafupi, ndipo ndinaganiza kuti wabwela ndi past paper. Anaima pafupi ndi thebulo langa, cikwama cili pa phewa limodzi.

"Ba Sir, matenda aja, ngati munthu ali nawo, amamva kuwawa?"

Ndinamuuza zimene ndinawelenga, kuti ena amakhala nawo zaka zambili osamva ciliconse, ndipo amapezeka ndi makina opima mtima, ECG ndi scan. Anafunsa ngati pa kiliniki ya mu komboni ali nawo makinawo. Ndinati tikafunse. Anafunsanso kuti ndi zingati, cifukwa atate ake anamwalila mwadzidzidzi ali ndi zaka 38, ali pa nchito, ndipo palibe amene anawauza cifukwa cake.

Ndinatenga pepala n'kulembela amai ake kalata yakuti abwele Cisanu m'mawa, ndipo abwele ndi khadi lake la ku cipatala.