Jumbo siithera padzala

Dera lathu la Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, limadziwika ndi ziweto, makamaka nkhuku zakuda zija. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti masiku ano ziweto zambiri zikudya padzala, ndipo padzalapo padzaza majumbo.

Mbuzi ikameza jumbo yomwe munali mchere kapena mandasi, pulasitikiyo sigayika m'mimba. Chiwetocho chimangoonda, mwina mpaka kufa. Vuto limeneli ndi lomwe linadzutsa mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene analandira mphoto ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbana ndi mapulasitiki opyapyala. Boma linaletsa mapulasitiki otere mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Komabe kumudzi kuno sikubwera galimoto yotola zinyalala. Kumene paketi ikathere, timagamula ndife eni nyumba.

Kwathu sititaya chinthu tisanafunse kuti chingagwirenso ntchito yanji. Makatoni ndi mapepala timawang'amba n'kuwaika m'dzenje la manyowa pamodzi ndi makoko a nthochi, chifukwa zimenezi zimawola. Mapaketi a shuga timawaboola pansi, kuthiramo dothi, n'kufesamo mbewu za mitengo. Mabotolo agalasi timawatsuka ndi madzi otentha n'kusungiramo mchere kapena mbewu za masamba. Zigubu za mafuta ophikira zimathirira kudimba. Zitini zimene tilibe nazo ntchito timaziphwanya, chifukwa chitini chikadeka madzi amvula, udzudzu umaswana momwemo.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimakaniza ngakhale ana. Choyamba, kukolezera mbaula ndi jumbo. Moto umayakadi msanga, koma utsi wake ndi wapoizoni, ndipo amene amaupuma ndi mayi wophikayo ndi mwana ali kumbuyo. Chachiwiri, kusungira madzi, thobwa kapena mchere m'botolo lomwe munali mankhwala a mbewu, ngakhale mutalitsuka kangati. Botolo lotero liboolereni kuti wina asalitole, ndipo funsani alangizi a zaulimi katayidwe kake.

Mapulasitiki amene atsala timawasunga m'thumba lomanga pakamwa, patali ndi ziweto. Thumbalo likamadzaza msanga ndimadziwa kuti tatenga majumbo ambiri. N'chifukwa chake popita kumsika, kaya pafupi pano kaya ku Limbe, ndimanyamula dengu. Wogulitsa akatambasula jumbo, ndimangoti, "Zikomo mayi, thirani muno."