Bulauzi Yoyera M'sutikesi

Kwa miyezi isanu, bulauzi yanga yoyera ya Mvano inagona pansi penipeni pa sutikesi, pamodzi ndi duku ndi siketi yakuda. Ndinaipinda ndekha, n'kusanjikizapo zitenje zakale kuti ndisamaione. Lachinayi lililonse masana, azimayi anzanga akamadutsa pamsewu kupita kutchalitchi, ndinkatseka chitseko n'kukhala duu ngati munthu wothawa ngongole.

Yunifolomu imeneyo ndinali nditaivala zaka 17. Ntchito yanga mu Mvano inali yoyendera odwala ndi okalamba kuno ku Chilobwe. Tinkapita awiriawiri titanyamula sopo, kapaketi ka shuga, nthawi zina ufa pang'ono wochokera m'zopereka zathu. Tikafika tinkasesa, kuchapa, kusambitsa wodwala, kenaka n'kupemphera naye. Sindinkadzitenga ngati munthu wa chikhulupiriro chachikulu, komabe sindinkaganiza kuti tsiku lina chingadzaphwe ngati chitsime cha m'mwezi wa Okutobala.

Pa 13 Marichi 2023, mvula itagwa kwa masiku angapo osakata, matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zinatsika kuchokera m'phiri la Soche. Akuluakulu ankati ndi Napolo, yemwe uja anadutsa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. A pawailesi ankati ndi namondwe wa Freddy, amene anayambira kutali, kufupi ndi Australia, n'kuyenda milungu yoposa isanu asanathe mphamvu. Nyumba yanga inatsala. Ya mng'ono wanga, imene inali chakumtunda, sinatsale ndi maziko omwe. Thupi lake tinalipeza tsiku lachiwiri. Mwana wake wamkazi wa zaka 6 sitinamupeze mpaka lero. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anapita, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira maliro.

Munthu angaganize kuti chikhulupiriro changa chinagwa usiku umenewo. Ayi ndithu. Ntchito inali yambiri moti panalibe nthawi yofunsa mafunso. Anthu otaya nyumba anadzaza m'makalasi a pasukulu ina yapafupi, ndipo ife a Mvano tinkalawirira kumeneko kukaphika phala la ana. Kolera inali isanathe m'dziko muno, choncho tinkalimbana ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa komanso kukumbutsa aliyense kusamba m'manja. Poti ndimalemba bwino, anandipatsa kope kuti ndizilemba katundu yense wobwera kudzera kumpingo kwathu: ufa, nyemba, zidebe, mabulangete.

Chimene chinandigwetsa chinali chaching'ono. Panamveka kuti matumba awiri a ufa ndi mabulangete angapo zasowa. Mayi wina, amene tinkakhala naye benchi imodzi, ananena pamalo otungira madzi kuti anthu ena namondweyu wawalemeretsa. Sanatchule dzina, koma wosunga kope anali mmodzi. Akulu a mpingo anaona kopelo, anawerengera zonse, n'kupeza kuti katunduyo anaperekedwa kwa mabanja amene anasamukira kwa abale awo, ndipo zinali zolembedwa. Nkhani inathera pomwepo. Palibe anapepesa. Koma mawu akatuluka m'kamwa sabwereranso, ndipo kumsika ndinkaona maso a anthu akuyamba kuyang'ana jumbo yanga asanandipatse moni.

Apa m'pamene ndinapinda bulauzi ija. Sikuti ndinasiya kukhulupirira kuti Mulungu alipo. Ndinamukwiyira. Ndikagwada usiku, mawu ankakana kutuluka, ndipo akatuluka anali a mlandu okhaokha: kamwana ka zaka 6 kanalakwanji? Nanga ine, amene ndasambitsa odwala anu zaka zonsezi, malipiro anga ndi dzina lakuba? Lero ndimachita manyazi kuvomera, koma ndinazindikira kuti mumtima mwanga munalinso kope lina. Mmenemo ndinkalemba ulendo uliwonse wa kwa wodwala ngati ndalama yosungitsa, poyembekeza kuti tsoka likadzafika lidzalambalala pakhomo panga.

Mayi busa anabwera kawiri. Anandiwerengera mavesi abwino, ine n'kuwapatsa tiyi, n'kumagwedeza mutu. Atatuluka ndinatsekanso chitseko.

Tsiku lina mu Julayi, kunja kuli chiperoni, kamnyamata kanagogoda. Anali mdzukulu wa agogo ena amene ndinkawayendera, omwe anafa ziwalo mbali imodzi zaka zingapo zapitazo.

"Agogo akuti mubwere. Akuti msana wawo ukuyabwa."

Ndikanatha kukana ulaliki, koma uthenga wotere ndikanaukana bwanji? Ndinamanga chitenje wamba n'kumutsatira. Sichinali chikhulupiriro chimene chinandiyendetsa. Anali manyazi.

"Odi, agogo."

"Lowa, mwana wanga. Ine ndimayesa nawenso unapita ndi madzi."

"Pepani agogo, sindimapeza bwino."

"Zonse ndinamva. Tereka madzi."

Ndikuwatsuka kumsana, anayamba kundisimbira za njala ya mu 1949, imene inasautsa kwambiri anthu a kuno ku Blantyre. Iwo anali kamtsikana. Mayi awo anaika ana awiri m'manda chaka chimenecho. Komabe Loweruka lililonse ankatenga tsache kupita kukasesa m'kachisi wa kumudzi kwawo, miyendo ikunjenjemera ndi njala. Agogo atakula anawafunsa chifukwa chake ankavutikira kusesa nyumba ya Mulungu amene sanawapatse mvula. Mayi awowo anangoti fumbi silinkadziwa kuti kunja kuli njala.

Ndinaseka koyamba patapita miyezi, kenaka ndinalira mpaka madzi osamba anazizira. Agogo sananditonthoze. Anadikira, kenaka anandiuza kuti nditenge Buku Lopatulika pawindo ndiwawerengere nkhani ya Eliya, pa 1 Mafumu 19, poti maso awo anali atasiya kuona zilembo.

Mutu umenewu ndinali nditauphunzitsapo ku Mvano kangapo. Eliya wangopambana aneneri a Baala paphiri la Karimeli, koma Yezebeli atamuopseza akuthawira kuchipululu, akukhala pansi pa mtengo n'kupempha kuti afe. Pophunzitsa ndinkathamangira kumapeto, ku Horebu, kumene kuli mphepo, chivomezi, moto ndi mawu aja apansipansi. Tsiku limenelo, ndikuwerenga pang'onopang'ono kuti agogo amve, ndinaona zimene ndinkazidumpha. Munthu wa Mulungu atatopa mpaka kufuna imfa, Mulungu sanamudzudzule. Anamusiya agone. Mngelo anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, iye n'kugonanso, mngelo n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye. Ndipo ngakhale ku Horebu, Eliya sanauzidwe chifukwa chimene zinthu zinamuipira. Anapatsidwa ntchito, anauzidwa za Elisa amene adzagwire naye, komanso kuti alipo ena 7,000 amene sanagwadire Baala. Iye ankayesa kuti watsala yekha.

Nditatseka bukulo, agogo sanalalikire. Anangofunsa kuti, "Nanga iwe wadya lero?"

Ndinali ndisanadye. Anaitana mdzukulu uja kuti abweretse mbatata yophika imene anawasungira. Ndinakana, iwo anaumirira, ndipo ndinadya mbatata ya munthu amene ndinabwera kudzamuthandiza. M'zaka 17 zonse zija ndinali ndisanalandirepo kanthu m'nyumba imeneyo. Ndinkalowamo nthawi zonse ngati wopereka.

Sindinachire tsiku limenelo. Chimene chinasintha n'chakuti Lachinayi lotsatira ndinapitanso kwa agogo, ndekha, osavala yunifolomu. Lotsatiranso chimodzimodzi. Pemphero linkakanabe, choncho ndinkawasiya agogo kuti apemphere, ine n'kumangovomera kuti ameni. Ndinaphunzira kuti pali nyengo imene manja amatsogola, mtima n'kumatsatira pambuyo mokwawa. Kale ndikanati chimenecho ndi chinyengo. Tsopano ndimaona kuti wodwala amene wasambitsidwa ndi munthu wokayika amayera chimodzimodzi.

Mu Seputembala ndinatulutsa bulauzi ija. Polowa m'tchalitchi miyendo inkalemera ngati ndasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi. Ena anandikumbatira, ena anayang'ana kumbali. Mayi uja anali atakhala pabenchi yathu yakale, ine ndinakakhala kumbuyo.

Ntchito sinapepuke. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera mosaneneka. Zopereka zathu zinachepa. Sopo mmodzi tinayamba kumudula pakati kuti akwanire nyumba ziwiri, shuga tinkagawa ndi kapu. Azimayi ena anasiya kuyendera odwala, akuti n'zochititsa manyazi kufika pakhomo pa munthu chimanjamanja. Sindiwaweruza, pakuti sopo ndi wofunikadi, ndipo munthu wanjala sakhuta nyimbo. Koma ndinali nditakhalapo kuseri kwa chitseko chotseka, ndipo ndinkadziwa mmene kugogoda kumamvekera kwa munthu amene ali mkati.

Chaka chotsatira amuna a mayi uja anamwalira. Pamaliro, a Mvano timaphika ndi kugona pasiwa. Ndinalimbana ndi mtima wanga usiku wonse, koma m'mawa ndinavala n'kupita. Ndinagwira mthiko tsiku lonse, utsi uli m'maso. Madzulo ndinalowa m'nyumba kukapepesa namfedwa monga mwa mwambo. Ndinagwada pamphasa n'kumupatsa dzanja. Anandiyang'ana nthawi yaitali osalitaya.

"Mwabwera, mayi."

"Ndabwera. Pepani."

Zinathera pomwepo. Mawu opepesa amene ndinkawadikira sanabwere, ndipo mwina sadzabwera. Sindinganame kuti bala linapola lonse. Koma pamphasa paja ndinaona nkhope imene ndinkaidziwa, nkhope ya munthu amene dziko lamugwera, ndipo zinandivuta kupitiriza kumuona ngati mdani. Akuluakulu ananena kale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Agogo anatisiya chaka chomwecho, m'nyengo yozizira. Ndinali m'gulu la amene anasambitsa thupi lawo, ndipo msana uja ndinautsuka komaliza.

Mpaka pano mvula ikayamba kulira pamalata usiku, ndimadzuka n'kukhala tsonga, kumvetsera ngati phiri likulankhula. Funso la mwana wa mng'ono wanga silinayankhidwe. Ndimalifunsabe, ndipo ndinasiya kuopa kuti kulifunsa ndi tchimo, poti m'Masalimo muli anthu ambiri amene anafunsa mafunso otere pamaso pa Mulungu ndipo mawu awo sanafufutidwe. Kope lija la mumtima ndilo ndikuyesetsa kulitseka. Masiku ena ndimalipeza latsegukanso.

Lachitatu madzulo ndimasita yunifolomu, magetsi akazima ndimakoleza simbi yamakala. Pabulauzi panatsala mzere wachikasu pamene inapindikira miyezi isanu ija m'sutikesi. Ndayesa kuchapa ndi sopo wamitundumitundu, koma sukuchoka. Mwana wanga wamkazi akuti tigule nsalu ina tikasoketse yatsopano. Ndamuuza kuti adikire kaye, iyi ikadali yolimba. Mawa tili ndi nyumba zitatu zoti tiyendere, ndipo ina ili kumtunda, kufupi ndi pamene panali nyumba ya mng'ono wanga.