Malizani kaye nthanoyo

Ntchito yanga ndi yolemba nthano ndi kukonza zolemba za ena zisanapite kosindikiza, ndipo ntchitoyi imaonetsa poyera kuti nthano zambiri za alembi atsopano sizifera m'manja mwa osindikiza mabuku. Zimafera m'kope, m'foni kapena m'kompyuta ya mwini wake, cha pa mutu wachitatu kapena wachinayi. Kawirikawiri chozipha sichikhala ulesi, koma malangizo obwera nthawi yake isanakwane. Mlembi wayamba bwinobwino, ampangankhani ayamba kulankhula, basi wina wamuuza kuti mabuku a Chichewa sagulidwa. Wina akuti ayambe watchuka pa Facebook, wina akuti nthano yaitali isachepere mawu akutiakuti, winanso akuti adzisindikizire yekha poti makampani amadyera alembi masuku pamutu. Aliyense mwa anthuwa ali ndi kachoonadi kake, koma onse akuyankha funso limene mlembiyo sanalifike. Ine ndimati malangizo a kasindikizidwe amayamba kugwira ntchito nthano ikatha. Wowathamangira msanga amagwa chagada ngati pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma.

Tiyeneranso kufunsa kumene malangizowa akuchokera. Ambiri mwa amene amayenda pa intaneti anabadwira ku London ndi ku New York, kumene mlembi amayamba wapeza ejenti woti akamutsatsire zolemba zake ku makampani akuluakulu. Kumeneko n'zoona kuti kalata imodzi yopita kwa ejenti itha kutsegula khomo kapena kulitseka. Ku Malawi kuno zimayenda mwina. Mlembi amadzinyamulira yekha zolemba zake kupita ku makampani monga Dzuka, CLAIM kapena Montfort Media ya ku Balaka, ndipo ndalama zambiri pa malonda a mabuku zili m'mabuku a sukulu, kotero kuti nthano imene yalowa pa silabasi ya MSCE imagulidwa kuposa zinzake. Mnyamata wa ku Ntcheu amene watha miyezi akuphunzira kalembedwe ka kalata ya kwa ejenti, pomwe nthano yake ya Chichewa idakali pa theka, akukonzekera msika umene sadzapitako.

Ena amanditsutsa kuti ngati msika wathu ndi wochepa chonchi, kuli bwino kudziwiratu kuti ndani adzasindikize munthu asanataye thukuta lake. Mantha amenewa ndimawamvetsa, koma mbiri ya zolemba zathu siwavomereza. Samuel Josiah Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pa nthawi imene owerenga Chinyanja anali ochepa zedi kuyerekeza ndi lero. Iye analemba Nthondo mpaka kumapeto, napambana nayo mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 linatulukanso m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, womasulira ali T. Cullen Young. Pa zonsezi palibe chimene Ntara akanachikonzeratu. Chimene chinali m'manja mwake chinali kumaliza. Mpaka lero mwayi umabwera motero, ndi tsiku lotsekera. Mipikisano ya bungwe la alembi la MAWU, masamba a nthano m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, ngakhale mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize umene umalandira nthano za mawu 2,000 mpaka 5,000 popanda kulipiritsa, zonsezi zimafuna nkhani yathunthu. Palibe woweruza amene amapatsa mphotho mutu woyamba, ukome bwanji.

Chifukwa chachikulu kwa ine chili mu luso lenilenilo. Munthu amene wayamba nthano khumi osamalizako ngakhale imodzi waphunzira chinthu chimodzi kakhumi, ndicho kuyamba, ndipo kuyamba ndiye gawo lofewa. Povuta ndi pakati. Apa ndi pamene mlembi amazindikira kuti mpangankhani wake wamkulu wamufotokoza bwino nkhope, zovala ndi mudzi wa kwawo, koma sanamupatse chinthu chimene akuchifuna ndi mtima wonse, kapena wamupatsa koma palibe chomutchinga. Nkhani imaima, ampangankhani n'kumangopatsana moni, kudya ndi kukwera minibasi. Mlembi wosadziwa amayesa kuti luso lamuthera, ndiye amabwerera kukapukuta ndime yoyamba kachisanu. Mankhwala ake ndi ena. Ndikafika pamenepa ndimalemba pa pepala lapadera chiganizo chimodzi chonena mmene nkhani idzathere: mwachitsanzo, mayi wa m'nkhaniyo wabwezeredwa munda wake, kapena wautaya. Kenaka ndimadzifunsa chimene chiyenera kuchitika kuti tikafike kumeneko, n'kulemba zimenezo ngakhale mawu atuluke okhota. Pamene dzina la mudzi kapena mtengo wa thumba la feteleza sizikubwera, ndimasiya mpata ndi chizindikiro, n'kupitirira. Za kalembedwe, kaya mawu awa alumikizane kaya atalikirane, zimadikira tsiku lokonza. Kamangidwe ka pampondachimera ndi kamasulidwe ka mfundo zimene wamanga yekha, munthu amaziphunzira pokhapokha akafikapo. Ndipo nthawi zambiri mathero ndi amene amaulula kuti nkhani inayenera kuyambira pa tsamba lachisanu, kutanthauza kuti ndime yoyamba ija, imene inapukutidwa kwa mwezi wathunthu, idzadulidwa ndithu.

Palinso otsutsa ena amene mawu awo ndi olemererapo. Iwo amati nthano zina zimabadwa zopunduka, ndipo kuzikakamira n'kutaya nthawi; amatinso mlembi wokana malangizo ndi wodzikuza, pajatu mutu umodzi susenza denga. Pa mfundo yoyambayo ndimavomera theka. Mlembi amene wamaliza nthano zingapo amatha kusiyanitsa nkhani yakufa ndi nkhani imene yangofika povuta. Watsopano sangathe, chifukwa kwa iye zonsezi zimamveka chimodzimodzi, ndiye akazolowera kusiya, adzasiya zabwino zomwe. Pa mfundo yachiwiriyo, sindikunena kuti mlembi atseke makutu. Gulu la Writers Group limene linayamba pa Chancellor College mu 1970, kumene kunadutsa anthu ngati Jack Mapanje, linkakumana kuti liwerenge ndi kusula zimene anthu alemba kale. Malangizo othandiza amakhala otero: amaloza tsamba. Mnzanu akamva mukuwerenga mokweza n'kunena kuti agogo a m'nkhaniyi akulankhula ngati mwana wa ku yunivesite, wakupatsani chinthu choti mukonze madzulo omwewo. Koma wokuuzani zimene owerenga a masiku ano amakonda, asanaone n'komwe tsamba lanu, mumuthokoze, mawu akewo muwasungire mtsogolo.

Nthano ikatha, ikagonera milungu ingapo n'kukonzedwa, malangizo a kasindikizidwe amene muyenera kuwagwiritsa ndi owerengeka. Dziwani amene akulipira mnzake. Kampani yosindikiza mabuku ikakonda ntchito yanu, imalipira yokha mkonzi, chikuto ndi makina, inu n'kumalandira gawo la ndalama za buku lililonse logulidwa. Mukalipira ndinu, ndiye kuti mukudzisindikizira nokha, ndipo makatoni a mabukuwo adzakhala m'nyumba mwanu kudikira kuti muwagulitse. Njira imeneyi si yoipa, bola muilowe mukudziwa. Pangano muliwerenge lonse musanasaine, makamaka pamene akunena za zaka zimene kampani idzasunge ufulu wa bukulo, ndi za mwini ufulu wolimasulira kapena kulisandutsa sewero. Umwini wa nthano ndi wanu kuyambira pamene mwailemba, ndipo a bungwe la COSOMA alipo kuti akuunikireni za ufulu umenewu. Nambala yozindikiritsa buku ya ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba. Zonsezi munthu atha kuzifunsa n'kuzimvetsa m'masiku ochepa, pomwe nthano imadya miyezi. Choncho inu amene kope lanu laima pa mutu wachitatu, litsegulaninso lero, mulembe chiganizo cha mathero, ndipo musabwerere ku tsamba loyamba mpaka mutakafika kumeneko.